Mwera umayesa nsanja, Okutobala amayesa batire

Anthu odzipangira magetsi a dzuwa ndi a mphepo kuno ku Mangochi akakumana chaka chikamatha, funso loyamba limakhala lakuti, "Mwafika mapanelo angati, achimwene?" Funsoli silinena zambiri. Munthu atha kuwonjezera mapanelo awiri koma magetsi n'kumathimabe 9 koloko usiku monga kale. Chofunsa chenicheni n'chakuti batire limene munali nalo mu Januwale likadali lamoyo kodi, ndipo m'mamawa dzuwa lisanatuluke mita yoyezera voteji ya batire ikuwerenga chiyani. Pamenepo m'pamene pamaonekera ngati ntchito yapita patsogolo chaka chino.

Ambiri anayamba kuganiza za sola mozama mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW, magetsi a ESCOM n'kumathima maola ambirimbiri. Anzathu a m'midzi ina ya ku Makanjira ndi ku Chilipa nkhani ya kuthimathima sinawakhudze n'komwe, poti waya sanafike pakhomo pawo. Kenako kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo batire, waya wa kopa ndi maginito zonse zinakwera mtengo. Kupha batire chaka chisanathe n'kugula lina, zimene kale ena ankaziona ngati zazing'ono, lero n'kutaya ndalama imene ikanadyetsa banja.

Kope ndi mita

Gulani kope la sukulu, mulimangirire ndi chingwe pafupi ndi batire, ndipo muzilembamo zinthu ziwiri patsiku. Choyamba ndi voteji ya batire m'mamawa, dzuwa lisanagunde panelo, zonse zitathimitsidwa kwa mphindi 30. Pa batire la asidi la 12V, 12.7V ndiye kuti ladzaza, 12.4V latsala ndi magawo atatu mwa anayi, 12.2V lili pa theka. Likamafika pansi pa 12.0V m'mawa uliwonse, dziwani kuti mukulipha. Chachiwiri ndi nthawi imene batire lafika pa 14.4V masana. Likafika dzuwa lisanafike paliwombo, zili bwino, chifukwa limafunika kukhala pamenepo maola awiri kapena atatu kuti lidzaze ndithu. Likamafika cha m'ma 3 koloko, muli m'malire. Likapanda kufikako sabata yathunthu, pali vuto, ngakhale mababu akuyakabe bwinobwino.

Kuwerengera kumayambira ku zimene mumayatsa. Mababu 4 a LED a 5W kwa maola 5 ndi 100Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). TV ya 40W kwa maola 4 ndi 160Wh. Mafoni 5 ndi pafupifupi 50Wh. Fani ya 12V ya 15W usiku wonse wa chilimwe, maola 8, ndi 120Wh. Zonse pamodzi 430Wh. Batire la 100Ah (Ah ndi maampu kuchulukitsa ndi maola) limasunga 1,200Wh papepala, koma la asidi mumangodyako theka, ndiye 600Wh. Zikukwana. Tsopano onjezani inveta, chida chosandutsa 12V ya batire kukhala 230V, imene imasiyidwa yoyaka usana ndi usiku. Popanda kulumikizako kanthu imadya 8W mpaka 12W, ndipo patsiku zimenezo ndi 190Wh mpaka 290Wh, kuposa TV yomwe ija. M'nyumba zambiri wakuba magetsi ndi ameneyu. Mababu ndi fani ziyendere 12V mwachindunji, inveta iziyatsidwa pokhapokha pali chofunika 230V.

Panelo ya 100W imapereka pafupifupi 5.5A dzuwa likalimba. Kuno dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola 5 patsiku, ndiye 27Ah. Mukachotsa zotayika m'mawaya, pafumbi ndi m'batire momwe, zotsala zogwiritsa ntchito sizipitirira 300Wh. Nyumba ya 430Wh ija ikufuna 200W ya mapanelo, osati 100W. Amene ali ndi batire la 200Ah ndi kapanelo ka 50W, batirelo silinadzazepo chigulireni.

Zimene zimachitika mu Okutobala

Ili ndiye vuto limene limazunguza anthu: mwezi umene dzuwa likuswa mtengo ndi umenenso batire silikudzaza. Panelo ya 100W imalembedwa kuti imagwira bwino pa 18V, koma nambala imeneyo anaiyeza panelo ili pa 25°C. Padenga la malata ku Mpondasi masana a Okutobala, panelo yokha imatha kufika 65°C, moti simungaigwire ndi dzanja. Voteji yake imatsika pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse, ndiye 18V ija yasanduka 15V basi. Batire likufuna 14.4V. Mpata watsala ndi wochepa kwambiri, ndipo waya ndi amene amaumaliza.

Tiyeni tiwerenge. Kuchokera padenga kufika pa batire ndi mamita 10, kupita ndi kubwera mamita 20. Waya wa kopa wa 1.5 mm² pa 5.5A amataya pafupifupi 1.3V. Kontirola, kabokosi koyang'anira tchaji pakati pa panelo ndi batire, imadyanso pang'ono. Pa 15V paja patsala 13.5V, ndipo mphamvu yolowa m'batire imayamba kugwa batire lisanadzaze. Waya wa 4 mm² amataya 0.5V, wa 6 mm² amataya 0.3V. Mapanelo akakhala awiri olumikizidwa mbali ndi mbali, zotayikazo zimawirikiza kawiri, ndiye 6 mm² ndi poyambira. Anthu ambiri amene anagula panelo yachiwiri chaka chino akanangosintha waya n'kukweza panelo masentimita 10 mpaka 15 kuchoka pamalata kuti mphepo izidutsa pansi pake, akanapeza zambiri ndi ndalama yochepa.

Samalaninso ndi waya wonamizira kopa. Ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, wopepuka m'manja, ndipo amataya voteji yochuluka kuposa kopa weniweni wa saizi yomweyo. Palani kachingwe kamodzi ndi mpeni: mkati mukayera ngati siliva, si kopa. Mukakayatsira machesi kamafota n'kugwa, pamene ka kopa kamangofiira. M'chinyezi cha kunyanja waya ameneyu amasanduka ufa woyera pamfundo mvula imodzi isanathe.

Chaka chino mapanelo akuluakulu a 300W mpaka 550W achuluka, ndipo pa wati iliyonse ndi otsika mtengo kuposa ang'onoang'ono. Koma voteji yake ndi 30V mpaka 42V. Mukalumikiza panelo ya 300W ku batire la 12V kudzera pa kontirola ya PWM, mtundu umene umangolumikiza panelo ndi batire mwachindunji, mumangopeza maampu ake, pafupifupi 9A, kuchulukitsa ndi 13V ya batire. Ndi 120W imeneyo, zotsalazo zapita pachabe. Panelo yotere imafuna kontirola ya MPPT, imene imatsitsa voteji n'kuisandutsa maampu. Ndipo si iliyonse yolembedwa MPPT ili MPPT. Yeniyeni imalemera, mkati muli koyilo yaikulu ya waya wokhuthala, ndipo mukayeza masana maampu otuluka kupita ku batire amaposa olowa kuchokera ku panelo. Akafanana, mwagula PWM ya dzina labodza. Panelo nayonso iyezeni ndi tepi musanalipire: sikweya mita imodzi imapereka 150W mpaka 200W kapena kuposerapo pang'ono. Yolembedwa 200W koma kukula kwake theka la sikweya mita ikunama.

Za koyang'ana panelo sizivuta. Tili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, ndiye panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri 15, kutanthauza kuti pa mita imodzi ya kutalika kwake mbali yakummwera ikwere masentimita 26. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto kwambiri, ndipo amene anapanga chimango chosunthika amakweza kufika masentimita 50. Yogoneka chafufumimba imasunga fumbi ndi zitosi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, muzitsuka kamodzi pa sabata m'mamawa galasi lisanatenthe, ndi madzi ndi kansalu kofewa. Mthunzi wa tsamba limodzi la papaya kapena wa paipi ya dishi umatha kudula gawo lalikulu la mphamvu ya panelo yonse, chifukwa timagalasi take tonse timayenda mumzere umodzi.

Batire

Kutentha kumene kumafooketsa panelo kumafupikitsanso moyo wa batire. Pa madigiri 10 alionse opitirira 25°C, moyo wa batire la asidi umatsika pafupifupi ndi theka. Loikidwa m'kabokosi ka malata pakhonde lakumadzulo silingakhalitse ngati loikidwa pansi m'chipinda chozizira chodutsa mphepo. Likhale pamalo opita mpweya, kutali ndi mbaula ndi koloboyi, chifukwa likamadzaza limatulutsa mpweya wophulika. Nyengo yotentha tsitsani voteji yodzazira kufika 14.1V kapena 14.2V ngati kontirola yanu ilola, apo ayi madzi amauma msanga. Muzisuzumira m'mabowo kawiri pamwezi. Timapuleti tikaonekera pamwamba pa madzi, mbali imeneyo yawonongeka ndipo sibwerera. Thirani madzi a batire okha, osati asidi, osati a pamjigo. Mijigo yambiri ya m'mbali mwa nyanja ndi ya Malombe madzi ake ndi amchere, ndipo mcherewo umakhalira m'batire.

Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa n'kudzazidwanso pompo. Mukamalitsitsa theka usiku uliwonse, timapuleti take topyapyala timayoyoka. Kulumikiza latsopano ndi lakale n'kulakwanso: lakale limayamwa latsopano usiku wonse mpaka afanane kufooka. Ndipo pa waya wofiira, masentimita 20 kuchoka pamutu wa batire, pakhale fyuzi. Batire la 100Ah likakhudzitsana mawaya limatulutsa maampu mazanamazana, waya amafiira nthawi yomweyo, ndipo denga laudzu silidikira. Polumikiza kontirola, batire liyambe, panelo itsatire. Pochotsa, panelo iyambe.

Amene amatchajira asodzi a kauni (opha usipa usiku ndi nyale) mabatire a nyale ali ndi ntchito ina yapadera. Mabatire amenewa amabwera m'mawa atatsikiratu, ena pa 11.5V, ndipo amayenera kulowa pa tchaji tsiku lomwelo. Amafa kwambiri masiku a mwezi wowala, pamene usipa sutsata nyale ndipo asodzi apumula: batire limaponyedwa pakona lili lopanda kanthu, timapuleti n'kuchita nkhungu yoyera yolimba imene tchaji siisungunulanso. Auzeni eni ake kuti batire lidzazidwe kaye lisanapume. Kulitchaja ola limodzi ndi maampu ochuluka kuti mita ionetse 12.8V n'kunamizana chabe. La 70Ah lotsikiratu limafuna 7A mpaka 10A kwa tsiku lonse la dzuwa.

Mabatire a lithiamu a mtundu wa LiFePO4 ayamba kufika, ndipo amalola kudyedwa mpaka 80 peresenti popanda kudandaula. Maselo 4 a 3.2V amapanga 12.8V, ndipo sayenera kuyenda popanda BMS, kabolodi kamene kamadula tchaji selo imodzi ikadzaza kapena ikatsikitsa. Zomanga batire ndi maselo akale a m'malaputopu, ine sindilimbikitsa m'nyumba yogona ana. Maselo amenewo ndi a mtundu wina, wosachedwa kuyaka, ndipo moto wake suzima ndi ndowa ya madzi.

Mphepo

Aliyense amene anamva za William Kamkwamba, amene anamanga makina ake a mphepo ku Wimbe m'boma la Kasungu mu 2002 ndi zitsulo za njinga ndi mapaipi apulasitiki, amafuna kuyesa. Ndi chiyambi chabwino, koma dayinamo ya njinga imapereka 3W mpaka 6W basi. Kuti mphepo idzaze batire la nyumba, pafunika kudziwa lamulo limodzi: liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kasanu n'katatu. Makina opangidwa bwino a mapiko ozungulira mamita 2 m'mimba mwake amapereka pafupifupi 12W pa mphepo ya mamita 3 pa sekondi, 55W pa mamita 5, ndi 225W pa mamita 8. Mapiko a mita imodzi m'mimba mwake amapereka gawo limodzi mwa anayi a zimenezi. Timakina togula tolembedwa 400W, nambala imeneyo ndi ya mphepo ya mamita 12 pa sekondi kapena kuposa, imene ikawomba asodzi sakhala panyanja.

Kunena zoona, pa kwacha iliyonse sola imapambana mphepo kutalitali. Mphepo imalipira pamalo poyera, ndipo ubwino wake ndi nthawi imene imabwera. Mwera umawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, miyezi imene masiku ndi aafupi ndipo mitambo imaphimba dzuwa, ndipo umawomba ndi usiku womwe pamene panelo yagona. Maola 10 a mphepo ya mamita 5 ndi 550Wh, zofanana ndi mapanelo awiri a 100W. Musanagule maginito, yang'anani malo anu mwera umodzi wathunthu. Masamba ndi tinthambi zikamagwedezeka osaleka, ndi mamita 3 mpaka 5. Fumbi ndi mapepala zikamauluka, panyanja thovu loyera likuoneka pamafunde ambiri, ndi mamita 6 mpaka 8. Pakhomo pozunguliridwa ndi mango, migwalangwa ndi milambe, mphepo imafika yopotanapotana, makina amangotembenuka uku ndi uku osapanga kanthu. Mapiko akhale mamita 9 pamwamba pa chilichonse chimene chili pafupi. Pa boma zimenezi n'zovuta. Kugombe koyera ndi kumtunda ngati ku Namwera n'kumene kuli koyenera kuyesa.

Alitaneta ya galimoto ndi imene yakhumudwitsa anthu ambiri. Imayamba kutchaja pa 1,000 rpm (maulendo ozungulira pa mphindi imodzi) kapena kuposa, pamene mapiko amazungulira 200 mpaka 500, ndipo imadya 2A mpaka 4A ya batire kuti ipange mphamvu ya maginito mkati mwake. Mukaika lamba ndi mapule kuti liwiro likwere, mapiko amakanika kuyamba pa mphepo yochepa. Chothandiza m'menemo ndi madayodi okha, tizida tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha.

Imene imagwira ndi jenereta ya zimbale ziwiri, imene Hugh Piggott wa ku Scoraig ku Scotland anaifalitsa padziko. Zimbale ziwiri zachitsulo zokhuthala mamilimita 8, chilichonse chili ndi maginito 12 omatidwa mosinthanasinthana, awa okoka, otsatira okankha. Pakati pake pali chimbale chosayenda cha makoyilo 9 oumbidwa mu rezini, yomweyi imene okonza maboti a fayiba amagwiritsa ntchito. Zonse zimakhala pa habu ya tayala la galimoto yakale, imene mabering'i ake anapangidwira katundu woposa uyu. Makoyilo amagawidwa m'magulu atatu: yoyamba, yachinayi ndi yachisanu n'chiwiri gulu limodzi, ndipo enawo chimodzimodzi. Nsonga zoyambira za magulu atatu zimangidwe pamodzi, zomalizira zitatu n'zimene zimatsika pansi.

Musakulunge makoyilo onse musanayese imodzi. Mapiko a mamita 2 pa mphepo ya mamita 3 amazungulira pafupifupi 170 rpm, ndipo pamenepo m'pamene tchaji iyenera kuyamba. Pa batire la 12V, zimenezi zikutanthauza kuti koyilo imodzi ipereke 1.8V AC pa liwiro limenelo. Simufunika chida choyezera liwiro. Ikani koyilo yoyesera pakati pa zimbale, zungulitsani ndi dzanja kamodzi pa sekondi mukuyang'ana wotchi, ndipo mita ionetse pafupifupi 0.65V. Ikaonetsa theka lake, wirikizani mizere ya waya. Ikapitirira kwambiri, chepetsani n'kugwiritsa waya wokhuthala. Mizere ikachuluka, jenereta imayamba kugwira mapiko asanathamange, ndipo makina amangoyenda mwaulesi ngakhale mwera uli pachimake. Ikachepa, mapiko amathamanga n'kumalira koma tchaji osalowa. Cholakwa chaching'ono chimakonzedwa ndi mawashala: kutalikitsa zimbale kumatsitsa voteji. Mpata wa pakati pa maginito ndi makoyilo usachepere mamilimita 1.5 mbali iliyonse.

Zimbale za maginito a neodymium zikakokana zimatseka ngati kamwa la ng'ona, ndipo chala chikapezeka pakati chimaphwanyika. Bowolani mabowo atatu amazinga pa chimbale chakutsogolo, muzichitsitsa pang'onopang'ono ndi mabawuti aatali. Maginito amenewa amaopanso chinyezi. Chikutiro chake chikakandika, dzimbiri limalowa, amatupa, n'kuyamba kukhula makoyilo. Muwakwirire onse mu rezini, ndipo chitsulo chipakidwe penti musanawamate. Kufupi ndi nyanja, maginito akuda a ferrite, ngakhale ndi ofooka ndipo amafuna zimbale zazikulu, sachita dzimbiri.

Mapiko a paipi ya PVC amayenda chaka choyamba. Dzuwa la kuno limawaumitsa, ndipo mwera wachiwiri amathyokera patsinde pa mabawuti. Kunsonga kwa phiko, pa mphepo ya mamita 10, liwiro limaposa makilomita 200 pa ola, ndiye chidutswa chothyoka sichigwera pafupi. Semani a thabwa louma la paini kapena malayina, lopanda mfundo, mita imodzi m'litali, masentimita 15 m'lifupi ndi 4 kuchindikala. Kunsonga litsale masentimita 5 m'lifupi ndi mamilimita 7 kuchindikala. Mbali yosalala iyang'ane mphepo, yokhota ikhale kumbuyo, ndipo kupendekeka kuyambire madigiri pafupifupi 15 chakutsinde n'kutha ndi 2 kapena 3 kunsonga. Mukamanga onse atatu, yezani ndi tepi kuti nsonga zitalikirane mofanana, kenako muwasiye azungulire okha m'nyumba mopanda mphepo. Phiko limene likumathera pansi nthawi zonse ndi lolemera, onjezani mawashala mbali inayo mpaka aziima paliponse. Kunjenjemera kumene anthu amati n'kwachibadwa kumachokera apa, ndipo n'kumene kumamasula manati ndi kung'amba zowotcherera.

Makina opanda njira yodzitetezera ku mphepo yamkuntho sakwanitsa chaka. Jenereta ikhale masentimita 10 pambali pa paipi imene imatembenukirapo, ndipo mchira ulendewere pa hinji yopendekeka madigiri 20. Mphepo ikakula imakankhira mapiko kumbali, mchira n'kukwera, ndipo ikachepa kulemera kwa mchira kumabwezera zonse. Mchira wolemera umachedwetsa kupatuka, wopepuka umafulumizitsa. Ukachedwa, makoyilo amatentha, rezini n'kufewa, waya n'kupsa.

Chimodzi chimene chimapha makina ambiri abwinobwino ndi kontirola ya sola. Batire likadzaza, iyo imangodula waya. Panelo sivutika nazo, koma mapiko akamasulidwa amathamanga mopanda malire mpaka china chithyoke. Makina a mphepo alumikizidwe ku batire nthawi zonse kudzera pa madayodi omangidwa pa chitsulo cha aluminiyamu chozizirira, ndipo mphamvu yotsala ikatayidwe kwina. Pamafunika kontirola imene batire likafika 14.4V imayatsa chotenthetsa. Waya wotenthetsa wa 0.6 ohm amameza 24A, pafupifupi 350W. Mababu a galimoto a 55W amagwira, lililonse 4A, koma amapsa mwakachetechete, ndipo tsiku limene apsa onse simudziwa. Pa lithiamu vuto ndi lomweli, chifukwa BMS nayo imadula: chotayira chiyambe pa 14.0V, BMS isanaganize zodula. Pansi pa nsanja pakhale switchi yokhudzitsa mawaya atatu aja pamodzi, madayodi asanafike. Imeneyo ndiye buleki, ndipo imagwira bwino mukaitseka mphepo isanakule.

Nsanja ya paipi ya mainchesi awiri imakwana makina a kukula uku, bola ikhale ndi mawaya okoka mbali zinayi pa mamita 4 kapena 5 alionse a kutalika kwake. Zikhomo zikhale patali theka la kutalika kwa nsanja. Mumchenga chikhomo chongokhomera chimazuka, kwirirani tayala lakale kapena konkire mita imodzi pansi. Nsanja ya bulugamu imadyedwa ndi chiswe patsinde, pamene maso safika, ndiye ikhale pa chitsulo pamwamba pa konkire. Mangani nsanja yoti izigona pa hinji, kuti anthu atatu athe kuitsitsa. A zanyengo akachenjeza za mwera wamphamvu, tsekani buleki. Akachenjeza za namondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023, igonekeni pansi. Waya wotsika mkati mwa paipi amapotana makina akamatembenuka, ndiye pansi pakhale pulagi yoti muzizula n'kumasula kamodzi pamwezi, buleki ili yotseka kumtunda kwa pulagiyo kapena tsiku lopanda mphepo.

Mvula ikayandikira

Mu Novembala, mphenzi zisanayambe, nsanja ndi chimango cha mapanelo zilumikizidwe ndi waya wokhuthala ku ndodo ya kopa yokhomedwa pansi mamita 1.5 kapena kuposa. Mchenga wouma sulandira bwino magetsi, ndiye sankhani ponyowa, kapena khomani ndodo ziwiri zotalikirana n'kuzilumikiza. Izi siziletsa mphenzi yogunda mwachindunji, koma zimapulumutsa kontirola ku zogunda pafupi. Mfundo zonse zapanja zongopota ndi kukulunga tepi zimasulidwe: zobiriwira zidulidwe, zimangidwenso ndi sodala kapena makonekita, ndipo waya asanalowe m'khoma akhote pansi kuti madzi azidontha panja. Kabokosi ka kuseri kwa panelo katsekedwe bwino, nyerere zimakonda kumangamo.

Kuyeza kwa pachaka kuchitike mwezi womwewo chaka chilichonse kuti manambala afanizike. Dzazani batire mpaka likhale pa 14.4V maola atatu, lichotseni ku zonse, mulumikize babu limodzi la galimoto la 55W, n'kuwerenga maola mpaka mita itsike pa 12.0V babu likuyaka. La 100Ah lamoyo limatha maola 10 kapena 11. Likatha 5, latsala theka, ndipo yambani kusunga ndalama mvula isanathe. Lidzazeni pompo mukamaliza. Panelo yaing'ono iyezeni masana kopanda mitambo: ichotseni ku kontirola, muyeze voteji, ya 100W ionetse 19V mpaka 21V ili yotentha, kenako ikani mita pa 10A mukhudzitse nsonga ziwiri kwa masekondi ochepa. Maampu ayandikire nambala ya Isc yolembedwa kuseri. Panelo zazikulu zimaposa 10A, musaziyese chotere ndi mita yaing'ono. Voteji ikatsika ndi theka kapena gawo limodzi mwa atatu, tsegulani kabokosi kakuseri, kawirikawiri ndi dayodi imodzi imene yapsa n'kukhudzitsa, ndipo kuisintha n'kotsika mtengo. Makina a mphepo atsitsidwe mwera ukatha: gwedezani mapiko kuti mumve ngati mabering'i ayamba kusewera, pakani gilizi, limbitsani manati, pentaninso mphepete yakutsogolo ya phiko lililonse pamene fumbi lapala, ndipo yezani voteji ya AC pakati pa mawaya atatu aja awiriawiri mukuzungulitsa ndi dzanja. Manambala atatuwo afanane. Awiri akatsika, m'gulu la waya umene uli m'miyeso yonse iwiriyo muli koyilo imene yayamba kupsa, ndipo chimbale cha makoyilo chiumbidwenso Meyi asanafike.